Kambuku wa ku China ndi kapu ya tiyi ya apongozi

Loweruka lapitali ndinaona mlongo wanga Feliya akuthawa kapu ya tiyi.

Musaseke msanga. Mayi ameneyu ndi uja anapha mphiri ndi mpini wa khasu, mwana ali kumbuyo. Ndi uja amatsutsa wapampando wa mpingo m'maso muli gwa. Koma ataona kapu ya tiyi ikubwera, yogwiridwa ndi manja awiri, anakokera chitenje kumutu n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka mpaka kuseri kwa nkhokwe. Patapata mmodzi anatsala pabwalo.

Ine ndinali pomwepo, pampando wa malume, nditavala jekete yanga ya pa Khirisimasi. Ndipo popeza mlandu wonsewu unayambira kwa kambuku, ndiloleni ndiyambe ndi kambukuyo.

Ambiri mukudziwa kuti chipumireni ntchito m'boma ndimagulitsa misomali, mabawuti ndi penti pa kashopu kanga pano pa Balaka. Mwa makasitomala anga muli mnyamata wina wa ku China, dzina lake Liyu, amene amakonza makina pa fakitale ina ya thonje. Wakhalitsa kuno. Chichewa amalankhula ndithu, ngakhale amachiyendetsa pang'onopang'ono ngati njinga yonyamula makala.

Tsiku lina anafuna bawuti imene ndinalibe. Ndinamuuza kuti adikire katundu akubwera, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Mnyamata uja anaima, n'kundifunsa kuti nkhono yalowa bwanji pa nkhani ya bawuti. Nditamumasulira mwambiwo anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Amdala," anatero, "kwathu iliko yambiri yotere. Koma ife timakonda kambuku."

Kuyambira pamenepo tinatsegula msika wathu awiri. Akabwera, ine ndimaponya mwambi umodzi, iye n'kubweza umodzi.

Kambuku wawoyo si wathu wamawangamawanga uja amene agogo ankati ankatha mbuzi m'mphepete mwa mapiri a Chikala. Wawo ndi wamizeremizere, thupi ngati mkango. Kuno kulibe, koma nonse mukumudziwa. Ndi uja amakhala atayasamula pa mabulangeti olemera amene anyamata amatumiza kuchokera ku Joni. Mlongo wanga ali nalo limodzi. Bulangeti limeneli mulisunge, tilipeza kutsogoloku.

Anthu amenewa kambuku anamumanga m'chiyankhulo chawo monga ife tinachitira ndi fisi. Munthu akayamba chinthu choopsa chimene sangathe kuchisiyira panjira, amati wakwera kambuku, kutsika n'kovuta. Ine ndinamubwezera wathu uja wakuti ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Liyu anaganiza kaye, n'kuti, "Wanu ukudzudzula wonyada. Wathu ukumvera chisoni wopanikizika." Ndinavomera kuti wandigwira.

Amatinso phiri limodzi silisunga akambuku awiri. Apa ndinangomuuza kuti atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo akafuna umboni angoyenda m'tauni muno awerenge matchalitchi oyandikana amene amasiyana liwu limodzi lokha pa chikwangwani.

Ali nawonso wa nkhandwe yobwereka ukali wa kambuku. Akuti nkhandwe inauza kambuku kuti, "Nditsate pambuyo uone mmene nyama zimandiopera." Nyama zinathawadi, koma zinkathawa amene anali kumbuyoyo. Tsiku limenelo ndinaseka ndekha mpaka potseka shopu. Ndani mwa inu sanakumanepo ndi nkhandwe imeneyi? Imakhala pa geti ya ofesi, kapena imanyamula chikwama cha bwana, ndipo imaluma kuposa bwana mwiniwake.

Koma umene ndinaukonda kuposa yonse ndi wakuti mutu wa kambuku, mchira wa njoka. Amanena za chinthu choyamba ndi mkokomo, n'kumapita chiwondera mpaka kuzimirira mu udzu. Abale anga, mwambi umenewu unabadwira ku China, koma unakulira kuno. Milatho ingati imene munaivinira tsiku loika mwala? Makomiti angati amene anayamba ndi mayunifolomu? Ngakhale mpanda wa njerwa wa kunyumba kwanga uli ndi geti yachitsulo yokongola kutsogolo, kumbuyo kuli mapesi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mnyamatayu sankabwerera miyambi yokha.

Pakhomo panga pamakhala Tadala, mwana wa mlongo wanga Feliya, amene amaphunzitsa pa pulayimale ina m'tauni muno. Loweruka amandithandiza m'shopu. Ine ndinkadabwa kuti makina a thonje amenewa amadya mabawuti bwanji, ndipo chifukwa chiyani amamva njala Loweruka lokha? Ndinkati ndapeza wophunzira wakhama. Kani ine ndinali mlatho.

Atadziulula kuti akufuna Tadala, ndinamukhazika pansi. Ndinamuuza kuti kuno mwamuna sadzifunsira yekha mbeta, apeze nkhoswe, ndipo akaonekere kumudzi kwa mayi wa mtsikana. Amalume ake ali kutsidya kwa nyanja zambiri, choncho anapempha Che Saidi, dalaivala wa lole wa pa fakitale yawo, bambo wa ku Ntaja wa ndevu zoyera amene anamuphunzitsa Chichewa. Ine ndinaimbira foni mlongo wanga n'kumuyamikira mnyamatayo monga momwe ndimayamikirira penti. Feliya anangoyankha kuti, "Bwerani tidzamve."

Koma mbiri inali itafika kale ife tisanafike. Liyu anandiphunzitsapo mwambi wina wakuti anthu atatu amabala kambuku. Mmodzi akati mumsika mwalowa kambuku, mumamuseka. Wachiwiri akabwerezanso, mumayamba kucheuka. Akanena wachitatu, msika wonse umabalalika, chonsecho palibe waona ndi mchira womwe. Kwathu kwa Ngokwe atatuwo anali atakwana kale. Wina anati Matchaina akakwatira amakwera ndege usiku womwewo. Wina anati mkazi akafika kumeneko amamulanda foni. Wachitatu, amene sanafikepo ndi pa Liwonde pomwe, analumbira kuti anaziona yekha.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa, ine, Tadala, Liyu ndi Che Saidi. Liyu anali atakumbatira kachikwama kamene sankafuna kuti kondakitala akagwire. Sindinamufunse kuti muli chiyani. Ndikanafunsa.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pabwalo pa Feliya, amuna pamipando, amayi pamkeka cha kukhonde. Che Saidi ndi nkhoswe yakupsa. Anayamba ndi mvula, n'kudutsa pa mtengo wa thonje, n'kufunsa za maliro a chaka chatha, kenaka mwapang'onopang'ono n'kufika pa chimene anadzera. Ine ndinachita zanga za malume, kunamizira kudabwa ngati sindinakwere nawo minibasi imodzi. Zonse zinkayenda bwino.

Kenaka Che Saidi anaimirira n'kukonza kofia yawo.

"Sikomo, eni mudzi," anatero. "Atate ake a mnyamatayu sanathe kubwera, koma atumiza mawu pa foni, ndipo ine ndawasenza. Akuti moni nonse. Akuti mwana wawo anawauza kuti akuopa kubwera kuno, iwo n'kumulimbitsa mtima ndi mwambi wa kwawo. Mwambi wake ndi uwu: ukapanda kulowa m'phanga la kambuku, mwana wa kambuku sungamutenge."

Ine ndinaomba m'manja. Ndinkaudziwa mwambiwo. Umatanthauza kuti chinthu chamtengo wapatali chimafuna wolimba mtima, ndipo kwa iwo kukutcha kambuku n'kukulemekeza. Ndinayang'ana kukhonde kuti tisekere limodzi.

Feliya anali atayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje.

Liyu anaona kuti mphepo yasintha, n'kuganiza kuti nthawi yokonza zinthu ndi imeneyi. Anatsegula kachikwama kaja. Munali fulasiki, masamba a tiyi a kwawo ndi timakapu ting'onoting'ono. Kwawoko, monga anandiuzira pambuyo pake, mnyamata amagwada pamaso pa mayi wa mtsikana n'kuwapatsa tiyi ndi manja awiri. Mayiwo akamwa, ndiye kuti amulandira ngati mwana wawo. Akakana, nkhani yathera pomwepo.

Palibe anamuuza kuti kuno mkamwini ndi apongozi aakazi amapewana, sayang'anizana m'maso, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ine ndinkati Che Saidi amuuza. Che Saidi ankati ndamuuza ine. Akuluakulu awiri, ndevu zathuzi, tinaphunzitsa mwana wa eni miyambi ya nkhono n'kuiwala chinthu chimene amachidziwa aliyense.

Ndiye taonani mnyamata akudutsa bwalo lonse mwaulemu, kapu ili m'manja, n'kukagwada pamphuno penipeni pa apongozi.

"Amayi," anatero, "imwani tiyi."

Zotsatira zake ndakuuzani kale.

Amayi a pamkeka ena anagwira pakamwa, ena anagwa chagada ndi phwete. Koma Liyu sanaseke. Anatsala chigwadire, kapu ili m'manja, nkhope itagwa. Kwa iye, anali atakanidwa pamaso pa mudzi wonse. Tadala anayamba kulira. Che Saidi anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana patapata uja. Apa m'pamene ndinamvetsa bwino za munthu wokwera kambuku. Ndine ndinabweretsa mlendoyu, ndinenso malume wa mtsikanayu, ndipo potsikira panalibe.

Ndinatola patapata n'kupita kuseri kwa nkhokwe.

Ndinamupeza atakhala pa mtondo wovundikira, chitenje chikadali kumutu.

"Achemwali," ndinatero, "mwachita manyazi kapena mwakana?"

"Zonse ziwiri."

"Mwanayu samadziwa mwambo. Olakwa ndife."

"Za tiyizo zisiyeni, achimwene. Manyazi a apongozi amatha okha. Koma mawu aja mwawamva? Ati kulowa m'phanga n'kutenga mwana. Phanga ndi pano. Kambuku ndine. Mwana ndi Tadala. Ndanama?"

"Iyayi, ndi mwambi chabe. Kwawoko amatanthauza kulimba mtima."

"Inu mumalemba m'nyuzi, ndiye mundiuze. Munthu akalowa m'phanga n'kumupeza mwanayo, amakhala naye momwemo? Satuluka naye?"

Feliya ali ndi ana awiri okha. Wamkulu, Yohane, anapita ku Joni kalekale, ndipo chaka chilichonse amati abwera pa Khirisimasi. Ndi amene anatumiza bulangeti lija.

"Kambuku mmodzi ndili naye kale m'nyumbamo," anapitiriza mlongo wanga, mawu akuchepa. "Amandifunditsa, eya. Koma ndikadwala sanditungira madzi. Ndikamuitana sayankha. Ine bulangeti lachiwiri sindikulifuna, achimwene."

Ndikuuzeni zoona, awerengi, mtima unandipweteka. Ine amene ndimanyadira kuti ndili ndi mwambi pa chilichonse, ndinangoima pamenepo ndi patapata m'manja. Mlongo wanga sanaumve molakwika mwambi uja. Anaumva bwino kuposa ine. Ine ndinaumvera kumbali ya mlenje, iye anaumvera kumbali ya mayi.

Ndinabwerera pabwalo n'kuitanira pambali Liyu, Che Saidi ndi Tadala. Poyamba ndinamulimbitsa mnyamatayo mtima, kumuuza kuti kuthawa kuja si kukana, ndi ulemu, ndipo apongozi akakuthawa ndiye kuti akuwerengera kale ngati mkamwini. Nkhope inayamba kubwerera. Kenaka ndinamuuza chovuta chenicheni, kuyambira pa nkhani ya Yohane ndi bulangeti lake. Kuno kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mwamuna ndi amene amabwera, n'kumanga nyumba pamudzi pa mkazi. Ngakhale ogwira ntchito m'tauni amakhala ndi nyumba yawo kumudzi, kuti mayi akayang'ana azidziwa kuti mwana wake ali ndi pobwerera.

Liyu anandiyang'ana.

"Amalume," anatero, "kwathu mwamuna womanga kwa mkazi amasekedwa. Amati alibe msana. Bambo anga adzachita manyazi kwa anzawo."

"Mwana wanga," anatero Che Saidi akusisita mimba, "ine ndakhala pachikamwini moyo wanga wonse. Ukuona ngati ndikuvutika?"

Tadala sanaseke. Anapukuta misozi n'kumuyang'ana mnyamatayo.

"Liyu, ndinakuuza kale. Kwanu ndidzapita, makolo ako ndikawagwadira. Koma amayi anga sindiwasiya ndi foni. Ngati izi n'zolemera, unene lero."

Mwana wa mlongo wanga ameneyu! Ndinamuyang'ana n'kuona mayi wake yemwe uja wa mphiri.

Liyu anatulutsa foni n'kupita kukaima pafupi ndi khola la mbuzi, pamene netiweki imagwira. Tinkamumva akulankhula chiyankhulo chawo, poyamba mofulumira, kenaka motsitsa. Panafika pena pamene ankangomvetsera, maso atafiira. Ngakhale aja anagwa chagada anali atadzuka. Ndiye mwadzidzidzi m'foni muja munamveka kuseka kwa munthu wamkulu, kuseka kwa chifuwa, kotsokomola.

Anabwerera akupukuta m'maso.

"Poyamba anakwiya," anatero. "Ndinawauza za achimwene ake a Tadala a ku Joni ndi bulangeti. Pamenepo anafewa. Akuti nawonso ali ndi mwana mmodzi amene amamuonera pa foni, ndiye akuwamva amayi. Akupempha kuti adzukulu adzadziwe dzina lawo ndipo azikawaona."

"Nanga amaseka chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti ndakwera kambuku ndekha, ndisawafunse iwo potsikira. Akuti ndigwiritse makutu ake."

Tsopano popeza mkamwini sangalankhule ndi apongozi, mawu anayenera kuyenda mwa dongosolo lake. Liyu amauza Che Saidi, Che Saidi amauza ine, ine n'kuwoloka bwalo kupita kuseri kwa nkhokwe, chonsecho Feliya ankamva zonse yekha chifukwa nkhokweyo si ya konkire. Koma mwambo ndi mwambo. Ndinayenda ulendo umenewu mpaka jekete inanyowa.

"Achemwali, akufunsa kuti amange pati."

Feliya anati, "Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mawu okoma ndawamva ambiri. Aja a Khirisimasi analinso okoma."

Apa m'pamene msika wanga wa miyambi unabweza phindu. Ndinamuuza kuti anthu amenewa zoyamba osamaliza amadana nazo mpaka anazipatsa dzina, mutu wa kambuku, mchira wa njoka. Ndinamumasulira. Chitenje chija chinayamba kugwedezeka. Mlongo wanga ankaseka.

"Ngati mpanda wanu wa ku Balaka uja?"

Ndinameza. Malume amameza zambiri.

"Mukawauze," anatero, "kuti ine ndikufuna mutu wa kambuku, mchiranso wa kambuku. Nyumba ya denga, ya zitseko, yoti ndizikasesamo. Ndipo popeza atate awo atitumizira mwambi, sitingawabweze chimanjamanja. Mukawauze kuti kuno timati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tadala apite akawaone, adzukulu apite akawaone. Koma azidziwa kuti dziwe lawo ndi lino."

Ndinawoloka bwalo ndi mawu amenewa ngati ndasenza mtsuko wodzaza. Nditawatula, Che Saidi anakweza manja kuthokoza Mulungu n'kuti, "Alhamdulillah!" Pamkeka panaphulika nthungululu. Liyu anaimbanso foni kuti akapereke ng'ona ija ku China, ndipo tinamva madala aja akufunsa mobwerezabwereza, kufuna kuumvetsa bwino. Akuti anaulemba pa pepala kuti akawauze anzawo.

Tiyi uja anali atazizira, koma Liyu anakana kuthira wina. Anati ndi yemweyo. Choncho kapu inachoka m'manja mwake kupita kwa Che Saidi, kwa Che Saidi kubwera kwa ine, kwa ine kupita kwa Tadala, ndipo Tadala anakagwada nayo kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinasuzumira. Feliya anailandira ndi manja awiri, nkhope atalozetsa ku nkhokwe, n'kumwa yense.

Kenaka mawu anamveka bwalo lonse, osadzeranso kwa nkhoswe.

"Kodi kwawoko shuga kulibe?"

Sindikumbuka tsiku lina limene ndinaseka chotero. Che Saidi kofia inagwa. Liyu ankaseka ndi kulira nthawi imodzi. Ndipo tisananyamuke, mlongo wanga anatulutsa dzanja lokha kuseri kuja n'kuloza ndi patapata chulu chimene chili kupitirira mtengo wa mango. Anati dothi la pamenepo ndi labwino njerwa.

M'minibasi pobwerera ndinaganiza zambiri.

Anthu a ku China akhala pakati pathu zaka ndi zaka, m'mashopu, m'misewu, m'mafakitale. Tikudziwapo chiyani za iwo? Mitengo ya katundu, basi. Ana athu akawaona amangokuwa "Tchaina! Tchaina!" ngati aona galimoto yachilendo. Sindikuti onse ndi angelo. Alipo amene amazunza antchito, monganso alipo Amalawi anzathu amene amatero, ndipo amenewo tiziwadzudzula poyera. Koma ndani mwa ife anayamba wafunsapo mmodzi wa iwo kuti, kodi amayi ako ankati chiyani ukalakwa? Kwanu munthu wamantha mumamuseka bwanji?

Ine ndinafunsa mwangozi, chifukwa cha bawuti, ndipo ndinapeza anthu amene amaseka mlonda wodzikuza, amadana ndi ntchito yosiyira panjira, amadziwa kuipa kwa mphekesera, ndipo amasowa ana awo akapita kutali. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anatuma kambuku kuti awanenere, ife tinatuma fisi, ng'ona ndi nkhono.

Tisaiwalenso kuti ife eni ake a pabwalo lija, makolo athu anawoloka kuchokera ku Mozambique atasenza mitolo pamutu. Anapeza anthu a chiyankhulo china, ndipo nawonso anatchulidwa mayina. Koma panapezeka wina amene anatulutsa dzanja n'kuwalozera chulu. Chikhala kuti sanatero, bwenzi ine ndikulemba ndemangayi kuti?

Ndaphunziranso kanthu pa miyambi imene ndimainyadirayi. Mwambi uli ndi eni ake awiri, wouponya ndi amene wamugwera. Madala a ku China anauponya ndi mtima wabwino, ine ndinauombera m'manja, koma unakagwera pa bala la mayi amene mwana wake sabwera. Tisanaponye, kaya ndi paukwati, pamaliro kapena pamlandu, tiziyamba tayang'ana kukhonde kuti kwakhala ndani. Kodi ndi angati amene tinawalasa ndi mwambi wokoma, ife n'kuchokapo tikudzitama kuti tayankhula mwanzeru?

Lachitatu Liyu anabwera kushopu. Lachitatu, osati Loweruka. Ndinamufunsa kuti lero makina akufuna bawuti yanji.

"Iyayi, amalume," anatero. "Ndikufuna chikombole cha njerwa. Ndiponso mundipezere munthu wondiphunzitsa kuponda dothi."

Ndinamufunsa ngati wabwera ndi mwambi. Anati ya kambuku ayamba waisunga kaye, aziyamba wandifunsa ine asanaitulutse pagulu. Ndinamuuza kuti wasankha mlangizi wolakwika, akafunse apongozi ake, kudzera kwa Che Saidi.

Madzulo a tsiku lomwelo Feliya anaimba foni. Anati ndimuuze mkamwini atumizeko masamba a tiyi aja, shuga aziikamo yekha. Anatinso bulangeti lija walichapa, waliyanika, walipinda n'kuliika m'sutikesi. Akuti madala a ku China akadzabwera ku chinkhoswe adzafunde kambuku wa kwawo, asadzasowe kwawo.

Ndinamukumbutsa kuti kwa Ngokwe mwezi uno kumazizira, nanga iye azifunda chiyani?

"Iyayi, achimwene," anatero mlongo wanga. "Chaka chino sindikumva kuzizira."